Buku la M'thupi Mwathu: Ndime Zosowa ndi Ndime Zobwerezedwa

Nkhani ya sayansi ya pa wailesi ya sukulu, ya ana a makalasi apamwamba a pulayimale

KWA APHUNZITSI, NKHANI ISANAYAMBE

Aphunzitsi, konzeranitu zinthu izi: choko, mapu a Africa, kachidutswa ka mkute kapena ka chinangwa chophika ka mwana aliyense, ndiponso njere za mitundu inayi, monga chimanga, nyemba, nthanga za maungu ndi njere za masau. Lembani pa bolodi ziganizo zisanu ndi ziwiri zimene zili m'chigawo chachiwiri cha nkhaniyi, koma muziphimbe ndi pepala kufikira nthawi yake itakwana. Ana akhale awiriawiri ndipo asambe m'manja.

NKHANI

Moni ana nonse, moni aphunzitsi. Lero tilankhula makamaka ndi inu a m'boma la Luangwa, kumene kale kunkatchedwa Feira, pamene mtsinje wa Luangwa uthira madzi ake mu Zambezi. Inunso amene mukumvetsera kwina, tcherani khutu, pakuti nkhaniyi ikhudza munthu aliyense wokhala ndi magazi m'thupi.

Tembenukani muyang'ane mnzanu amene mwakhala naye. Ali ndi maso awiri, mphuno imodzi ndi makutu awiri monga inu, komabe simungamusokoneze ndi munthu wina. Kusiyana kumeneku n'kooneka ndi maso. Palinso kusiyana kwina kobisika. Ana awiri a m'mudzi umodzi angalumidwe ndi udzudzu usiku umodzi, wina n'kudwala malungo pang'ono chabe, mnzake n'kudwala mwakayakaya. Zifukwa zake n'zambiri, monga msinkhu, zakudya ndi kufulumira kupita kuchipatala, koma chimodzi mwa izo chinalembedwa m'kati mwa thupi mwanayo asanabadwe. Tiyeni tione kumene chinalembedwa ndi mmene akatswiri anaphunzirira kuchiwerenga.

1. Buku lokhala m'selo

Thupi lanu linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo, monga mmene nyumba imangidwira ndi njerwa. Selo ndi laling'ono kwambiri kotero kuti diso silingalione popanda makina okuzira zinthu otchedwa maikulosikopu. Pakati pa selo pali phata lake, ndipo m'phatamo muli ulusi wopyapyala zedi wotchedwa DNA. Ulusi wa m'selo limodzi lokha, utati utambasulidwe, ungatalike pafupifupi mamita 2, kuposa msinkhu wa aphunzitsi anu. Maonekedwe a ulusiwu anadziwika mu 1953, pamene James Watson ndi Francis Crick a ku Cambridge anawafotokoza mothandizidwa ndi zithunzi zimene Rosalind Franklin ndi anzake anajambula ku London.

Ulusiwu unakulungidwa bwinobwino m'mitolo 46 yotchedwa makromozomu. Mitolo 23 munalandira kwa amayi anu, ndipo ina 23 munalandira kwa atate anu, motero mitolo yonse ili iwiriiwiri. Kwa zaka zambiri mabuku ankaphunzitsa kuti ilipo 48, kufikira mu 1956 pamene Joe Hin Tjio ndi Albert Levan anaiwerenga mosamala ku Sweden napeza kuti ilipo 46.

Pa ulusiwo pali zilembo zondandalikana, ndipo zilembozo n'za mitundu inayi yokha, imene akatswiri amaitchula kuti A, C, G ndi T. Chifukwa chake tingautche buku. Buku lochokera kwa amayi lili ndi zilembo pafupifupi 3,000,000,000, ndipo lochokera kwa atate lilinso ndi zochuluka chomwecho. Mutati muwerenge chilembo chimodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, osadya ndiponso osagona, mungamalize buku limodzi lokha patapita zaka 95. Buku lathunthuli limatchedwa jinomu. M'kati mwake muli ndime pafupifupi 20,000 zolangiza thupi kapangidwe ka zinthu zofunika, monga zofiiritsa magazi ndi zogaya chakudya. Ndime yotere imatchedwa jini, zikachuluka timati majini. Musasokoneze liwuli ndi majini aja amene anthu ena amatchula ponena za mizimu. Awa ndi malangizo chabe olembedwa pa ulusi wa m'selo.

2. Kusintha kwa chilembo ndi kusintha kwa ndime

Nthawi iliyonse pamene selo ligawikana kukhala awiri, bukuli limakopedwa lonse. Inu mudziwa zimene zimachitika pokopa zolemba za pa bolodi: ngakhale mwana wosamala amaphonya penapake. Aphunzitsi, vundukulani ziganizo ziwiri zoyamba.

Mwala wagwa m'madzi.
Mwana wagwa m'madzi.

Chasintha ndi chilembo chimodzi chokha, komatu chiganizo choyamba sichidzidzimutsa munthu, pamene chachiwiri chimathamangitsira mudzi wonse kumtsinje. M'buku la m'thupi zoterezi zimachitikanso. Matenda a siko selo, amene amapinda maselo ofiira a magazi ngati chikwakwa, amayamba chifukwa cha chilembo chimodzi chosinthika, mwana akachilandira kwa makolo onse awiri. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankaganiza kuti kusiyana kwa anthu athanzi kwagona makamaka pa zilembo zimodzizimodzi zoterezi. Tsono taonani ziganizo zotsalazo.

Asodzi atenga ukonde, akwera bwato, apita ku Zambezi.
Asodzi atenga ukonde, apita ku Zambezi.
Asodzi atenga ukonde, akwera bwato, akwera bwato, apita ku Zambezi.
Asodzi atenga ukonde, otawb arewka, apita ku Zambezi.
Amayi asinja chimanga, akwera bwato, aphika nsima.

Chiganizo choyamba n'chathunthu. M'chachiwiri mawu akuti akwera bwato asowa. M'chachitatu abwerezedwa. M'chachinayi alembedwa chobwerera, kuyambira kumapeto. M'chomaliza asamuka n'kukalowa m'chiganizo cha eni ake. Izi ndi njira zinayi zimene chigawo chachikulu cha DNA chimasinthira: kusowa, kubwerezedwa, kutembenuzika ndi kusamuka. Akatswiri amati kusinthako n'kwakukulu ngati kwakhudza zilembo 50 kapena kuposerapo, ndipo nthawi zina kumakhudza zilembo zikwi kapena mamiliyoni.

Taonaninso chiganizo chachiwiri. Ngakhale mawu ena asowa, nkhani ikumvekabe. Chachitatunso chikumveka. Ichi ndicho chimene chinadabwitsa akatswiri mu 2004, pamene magulu awiri ofufuza ku America ndi ku Canada anapeza kuti anthu abwinobwino, osadwala chilichonse, ali ndi zigawo zikuluzikulu zosowa ndi zobwerezedwa m'mabuku awo. Lero zadziwika kuti munthu aliyense ali ndi malo oposa 20,000 osinthika motere. Aphunzitsi anu ali nawo, amfumu ali nawo, inunso muli nawo, ndipo ambiri mwa iwo sachita kanthu kalikonse koipa.

Nanga zimayamba bwanji? Pamene thupi la mayi likonza dzira, kapena la bambo likonza mbewu, mitolo iwiri yofanana imagona pamodzi moyandikana n'kusinthana zigawo. Ngati pa mtolowo pali ndime ziwiri zofanana kwambiri, mitoloyo ingagone molakwika, monga mmene zimachitikira mukamanga mabatani a malaya mofulumira, batani n'kulowa m'bowo la linzake. Pamenepo mtolo umodzi umatuluka ndi ndime yoonjezera, unzake n'kutsala wopanda. Palibe munthu amene amachititsa zimenezi, ndipo palibe amene angaziletse.

3. Mmene bukuli limawerengedwera

Njira yoyamba yodalirika yowerengera zilembo za DNA inapezedwa ndi Frederick Sanger mu 1977. Ntchito yowerenga buku lonse la munthu inayamba mu 1990 ndipo inalengezedwa kuti yatha mu 2003, akatswiri a maiko angapo atagwirira pamodzi zaka 13. Masiku ano makina amagwira ntchito yomweyo m'masiku ochepa.

Ofufuza amatenga magazi pang'ono kapena malovu. Maselo ofiira a magazi alibe phata, chotero DNA imatengedwa m'maselo oyera. Palibe makina amene angawerenge mtolo wonse ulendo umodzi, n'chifukwa chake ulusiwo umayamba wadulidwa m'tizidutswa. Yerekezani kuti mwatenga makope 30 a nyuzipepala imodzi, mwawang'ambang'amba n'kuwaunjika pamphasa. Ntchito ya kompyuta ndiyo kulumikiza tizidutswato poona pamene mawu a kachidutswa kena afanana ndi a kanzake, n'kuziyerekeza ndi buku lachitsanzo lija linawerengedwa kale. Ndime wamba iyenera kupezeka mumuluwo pafupifupi ka 30. Ikapezeka ka 15 kokha, ndiye kuti yasowa pa mtolo umodzi mwa iwiri ija. Ikapezeka ka 45 kapena ka 60, ndiye kuti yabwerezedwa. Mukuona tsono kuti masamu amene mumaphunzira ndiwo nyali ya ntchito imeneyi.

Komabe panali vuto. Makina ambiri amawerenga tizidutswa tatifupi, ta zilembo 100 kapena 150. Mutang'amba chithunzi cha Zambezi m'tizidutswa ting'onoting'ono, tambiri tidzangoonetsa madzi okhaokha, ndipo simungadziwe kuti kachidutswa aka n'ka pafupi ndi Zumbo kapena n'ka pafupi ndi Kanyemba. Koma mukaching'amba m'zidutswa zazikulu, chilichonse chidzakhala ndi mtengo, phiri kapena gombe lokuthandizani kudziwa malo ake. M'buku la m'thupi mulinso madera ambiri amene mawu amodzimodzi amabwerezedwa kambirimbiri, ndipo kusintha kwakukulu kumakonda kubisala m'madera omwewo. Mu 2015, ntchito yotchedwa 1000 Genomes itawerenga mabuku a anthu 2,504 a magulu 26, inkapeza malo osinthika pafupifupi 2,500 mwa munthu mmodzi. Atabwera makina owerenga zidutswa zazitali, za zilembo 10,000 ndi kuposerapo, chiwerengerocho chinakwera kufika pa 20,000 aja ndatchula kale. Makina omwewo ndiwo anathandiza kuti mu 2022 atseke mipata imene inatsala m'buku la 2003, naonjezera zilembo pafupifupi 200,000,000. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

4. Ndime yobwerezedwa m'kamwa mwanu

Tsopano aliyense atenge kachidutswa kake ka mkute kapena ka chinangwa. Kaikeni m'kamwa, mutafune pang'onopang'ono osameza, ndipo muwerenge chamumtima kufikira 60. Ambiri a inu mwayamba kumva kutsekemera pang'ono kumene kunalibe poyamba. M'malovu muli mankhwala achilengedwe otchedwa amilezi, amene amaphwanya sitachi wa m'chimanga, m'mapira, mumpunga ndi m'chinangwa n'kumusandutsa shuga.

Jini lolangiza kapangidwe ka amilezi wa m'malovu lili pa mtolo wa nambala 1. Anyani aakulu otchedwa chimpanzi, onga amene amasungidwa ku Chimfunshi pafupi ndi Chingola, ali ndi makope 2 okha a jini limeneli, limodzi la kwa mayi ndi lina la kwa bambo. Koma mwa anthu jinili linabwerezedwa mobwerezabwereza, kotero kuti ena ali ndi makope 2, ena 6, ena oposa 15. Kawirikawiri munthu wa makope ambiri amakhalanso ndi amilezi wambiri m'malovu. Mu 2007 George Perry ndi anzake anayerekeza mitundu ya anthu. Amene makolo awo ankadya zakudya za sitachi wambiri, monga Ajapani odya mpunga ndi Ahadza a ku Tanzania okumba mizu ya m'tchire, anali ndi makope pafupifupi 7 pa munthu. Amene ankadalira kwambiri nyama, mkaka kapena nsomba, monga Ambuti a m'nkhalango za Congo ndi Adatoga oweta ng'ombe, anali ndi makope pafupifupi 5. Motero chakudya cha makolo chinasiya chizindikiro m'buku la zidzukulu. M'kalasi mwanu momwemo muli ana a makope osiyanasiyana, ndipo onse amadya nsima n'kukhuta.

5. Ndime zolimbana ndi malungo

Chigwa cha Luangwa n'chotsika ndiponso chotentha, ndipo dzinja likafika udzudzu umaswana m'zithaphwi. Malungo akhala akupha ana mu Africa kwa zaka zikwi zambiri. M'nthawi yonseyo, ana amene anabadwa ndi kusintha kowateteza ankapulumuka mochulukirapo, nakula, nabereka ana olandira kusinthako. Chotero kunafalikira m'madera a malungo. Nazi zitsanzo ziwiri.

Choyamba ndi ndime yosowa. Chofiiritsa magazi, chimenenso chimanyamula mpweya wabwino m'thupi, chimatchedwa himogulobini. Mbali ina ya himogulobini imalangizidwa ndi majini anayi a pa mtolo wa nambala 16, awiri a kwa mayi ndi awiri a kwa bambo. Popeza majini awiri oyandikanawo ndi ofanana kwambiri, batani lija limalowa m'bowo lolakwika mosavuta, ndipo zilembo pafupifupi 3,700 zimasowa pamodzi ndi jini limodzi. Madokotala amatchula zimenezi kuti alpha thalassaemia. Munthu wotsala ndi majini atatu sazindikira n'komwe kuti pali chosowa. Wotsala ndi awiri amakhala ndi maselo ofiira aang'ono koma ochuluka, ndipo magazi ake amacheperapo pang'ono. Kafukufuku wa ku Papua New Guinea, ku Ghana ndi ku Kenya anaonetsa kuti ana otere sagwidwa kawirikawiri ndi malungo oopsa, makamaka aja otha magazi. Kwa anansi athu ku Malawi, pa kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016, anapeza kuti pafupifupi ana 4 mwa ana aang'ono 10 aliwonse anali ndi ndime yosowayi. Taganizirani: chinthu chimene tikanachitcha cholakwika chasanduka chishango cha mabanja ambirimbiri.

Chachiwiri ndi ndime zosakanikirana. Kachilombo ka malungo kakalowa m'magazi, kamafunafuna pogwira pa khungu la selo lofiira kuti kabowole n'kulowa m'kati. Malo ena ogwirapo amalangizidwa ndi majini atatu ofanana, oyandikana pa mtolo wa nambala 4. Mu 2017 Ellen Leffler ndi anzake a ku Oxford, mogwirizana ndi madokotala a maiko a mu Africa, anawerenga mabuku a anthu mazanamazana, nayerekezanso ana zikwi zingapo a ku Gambia, ku Kenya ndi ku Malawi amene anadwala malungo oopsa ndi ana ena a m'madera omwewo. Anapeza kuti mwa ana ena jini limodzi linasowa, ndipo m'malo mwake munalowa makope awiri a jini latsopano, lopangidwa ndi mutu wa jini lina ndi mchira wa linzake. Magazi otere amatchedwa Dantu. Amapezeka kum'mawa kwa Africa, ku Kenya, ku Tanzania ndi ku Malawi, koma kumadzulo kwa Africa ndi osowa. Amachepetsa ngozi ya malungo oopsa ndi magawo pafupifupi 40 pa 100.

Funso linatsala lakuti, kodi amateteza bwanji? Mu 2020 mayi wina wa ku Kenya, Dr Silvia Kariuki, pamodzi ndi anzake a ku Kilifi ndi ku Cambridge, anajambula tizilomboto pa maikulosikopu tikuyesa kulowa m'maselo. Anapeza kuti khungu la selo la Dantu n'lokungika kwambiri, ngati chikopa cha ng'oma chimene chakungidwa n'kuwambidwa pamoto, kotero kuti kachilombo kamalephera kulipinda kuti kalowe. Atsikana amene mukumvetsera, kumbukirani kuti amene anatsogolera ntchito imeneyi ndi mayi wa mu Africa, amene naye anayambira pa sukulu ya pulayimale.

Pano ndikuchenjezeni. Chishango chimenechi sichiphimba thupi lonse. Ana a Dantu ndi ana a ndime yosowa ija amadwalabe malungo, ndipo ena amamwalira nawo. Ndiponso palibe amene angadziwe zimene zili m'buku lake pongoyang'ana nkhope pagalasi. Chotero mwana aliyense agone m'neti yoteteza ku udzudzu usiku uliwonse, ndipo neti imeneyo isasanduke ukonde wophera nsomba. Thupi likatentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo kuti akayeze magazi.

6. Pamene kusintha kubweretsa matenda

Kusintha kwina kumabweretsa mavuto, ndipo n'kofunika kudziwa chiyambi chake kuti tisanamizire anthu osalakwa.

Pali matenda otchedwa haemophilia, amene amagwira makamaka anyamata. Mwana wotere akavulala, magazi amachedwa kuleka, ndipo mawondo ndi zigongono zimatupa. Mu 1993 kunadziwika kuti pafupifupi theka la odwala kwambiri mtundu wofala wa matendawa ali ndi chigawo cha jini chotembenuzika, ngati chiganizo chathu chachinayi chija. Zilembo zonse zilipo, koma thupi silingathe kuziwerenga.

Palinso khansa ya ana yotupitsa nsagwada kapena mimba mofulumira, imene Dr Denis Burkitt anaifotokoza ali ku Uganda mu 1958, ndipo imapezeka kwambiri m'madera a malungo. M'maselo a chotupacho, chigawo cha mtolo wa nambala 8 chimakhala chitasamukira ku mtolo wina, kawirikawiri wa nambala 14, monga bwato lija linalowa pakati pa kusinja ndi kuphika. Kusamuka kumeneku sikuchokera kwa makolo; kumachitika m'selo limodzi mwana atabadwa kale. Khansa imeneyi imamva mankhwala, makamaka mwana akafika msanga. Aphunzitsi, mukaona mwana watupa tsaya ndipo mano akugwedera popanda chifukwa, limbikitsani makolo kuti apite naye ku chipatala cha Katondwe kapena cha paboma sabata lomwelo, kumene angamutumize ku Lusaka.

Kusintha kwakukulu koposa ndi kwa mtolo wathunthu. Mu 1959 madokotala a ku Paris, Jérôme Lejeune, Marthe Gautier ndi Raymond Turpin, anapeza kuti ana obadwa ndi Down syndrome ali ndi mitolo itatu ya nambala 21 m'malo mwa iwiri, motero onse pamodzi ali nayo 47. Padziko lonse, pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 1,000 amabadwa chotero, pakati pa olemera ndi osauka, akuda ndi oyera. N'chifukwa chake tsiku lowakumbukira linaikidwa pa 21 mwezi wachitatu. Ana amenewa amachedwa kuyenda, kulankhula ndi kuphunzira, komabe amaphunzira, amaseka, amakonda anzawo ndipo amamva kuwawa akanyozedwa. Mayi wawo sanadye choletsedwa, sanachite chigololo, ndipo palibe agogo amene anawalodza. Mitolo iwiri inangolephera kulekana pamene dzira kapena mbewu inkakonzedwa. Ngati m'mudzi mwanu muli mwana wotere amene amabisidwa m'nyumba, malo ake ali m'kalasi pamodzi ndi inu.

7. Buku la Africa likudikira owerenga

Buku lachitsanzo la mu 2003 linachokera kwa anthu ochepa kwambiri, ndipo magawo pafupifupi 70 pa 100 anachokera kwa mwamuna mmodzi wa mumzinda wa Buffalo ku America. Komatu anthu onse a padziko anachokera mu Africa, ndipo amene anatuluka kupita ku maiko ena zaka zikwi makumi angapo zapitazo ananyamula gawo chabe la kusiyanasiyana kumene kunalipo kuno. Chifukwa chake mabuku a anthu a mu Africa ndiwo osiyanasiyana koposa onse. Mu 2019 ofufuza a ku yunivesite ya Johns Hopkins anawerenga mabuku a anthu 910 amene makolo awo anachokera mu Africa, napeza zilembo pafupifupi 296,000,000 zimene munalibe m'buku lachitsanzo. Mu 2023 akatswiri anatulutsa chitsanzo chatsopano chosonkhanitsa mabuku a anthu 47 a m'madera osiyanasiyana, popeza anazindikira kuti palibe munthu mmodzi amene buku lake lingakhale muyeso wa onse.

Akatswiri a mu Africa nawonso sanakhale chete. Mu 2020 gulu lotchedwa H3Africa linafalitsa zimene linapeza m'mabuku a anthu 426 a mitundu 50 ya m'maiko 13, ena mwa iwo a kuno ku Zambia. Linapeza malo osinthika oposa 3,000,000 amene anali asanalembedwepo n'kale lonse. Linaonanso zizindikiro zakuti dziko la Zambia linali mphambano imene makolo a anthu olankhula zinenero za Chibantu anadzera popita kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa.

Inu a ku Luangwa nkhani ya mphambano si yachilendo kwa inu. Liwu lakuti Feira ndi la Chipwitikizi ndipo litanthauza msika, pakuti kuyambira m'zaka za m'ma 1700 amalonda ankakumana pa mathiriro amenewa ndi ku Zumbo kutsidya. Achikunda anachokera m'mitundu yambiri ya m'mbali mwa Zambezi, nakhala pamodzi ndi Ansenga ndi Asoli, nakwatirana nawo. DNA imatsimikiza chimene agogo anu adziwa kale: palibe mtundu wokhala ndi buku lakelake, ndipo kusiyana kwakukulu kumapezeka pakati pa anthu a mtundu umodzi womwewo. Chibale ndi fupa, sichiola.

Kuwerenga mabuku athu kuli ndi phindu looneka. Mankhwala ena amagwira ntchito mosiyana mwa anthu osiyana, chifukwa jini lowaphwanya m'chiwindi limasowa mwa ena, pamene mwa ena linabwerezedwa. Dokotala wodziwa mabuku a anthu a ku Ulaya okha angaphonye matenda a mwana wa ku Mphuka kapena wa ku Mburuma. Komabe buku la m'thupi ndi chuma cha mwini wake. Ofufuza oona amadzera kwa akuluakulu a zaumoyo ndi kwa mafumu, amafotokoza cholinga chawo m'chinenero chimene anthu amamva, amapempha chilolezo kwa munthu aliyense kapena kwa makolo a mwana, ndipo amasunga chinsinsi. Munthu ali ndi ufulu wofunsa mafunso, wovomera kapena wokana.

Tsono ana inu, mukayang'ananso mnzanu uja, kumbukirani kuti m'buku lake muli ndime zimene inu mulibe, ndipo m'buku lanu muli zobwerezedwa zimene iye ali nazo kamodzi kokha. Limbikirani masamu ndi sayansi, pakuti mabuku ambiri a m'chigwa chino akudikira owawerenga. Tsalani bwino ana, tsalani bwino aphunzitsi, tidzamvanenso sabata lamawa nthawi ngati yomweyi.

ZOCHITA NKHANI ITATHA

1. Ana akhale m'magulu a anthu asanu. Gulu lililonse lindandalike njere 20 za mitundu inayi ija pansi, kenaka likope mzerewo kanayi: mzere wosowa njere zisanu, wobwereza njere zisanu, wotembenuza njere zisanu ndi wosintha njere imodzi yokha. Gulu lina libwere lidzapeze chimene chasintha pa mzere uliwonse.

2. Ana apeze chiwerengero cha masekondi a m'tsiku limodzi ndi a m'chaka chimodzi, kenaka atsimikize okha ngati zaka 95 zija n'zoona.

3. Pa mapu a Africa ana aloze Gambia, Ghana, Uganda, Kenya, Tanzania, Malawi ndi mathiriro a Luangwa.

MAFUNSO

1. Kodi munthu ali ndi makromozomu angati, ndipo amawalandira kwa yani?
2. Tchulani njira zinayi zimene chigawo chachikulu cha DNA chimasinthira.
3. N'chifukwa chiyani zidutswa zazitali zimathandiza kuposa zazifupi powerenga jinomu?
4. Kodi maselo a magazi a Dantu amakaniza bwanji kachilombo ka malungo?
5. Mungamuyankhe chiyani munthu wonena kuti mwana wa Down syndrome analodzedwa?